Njira iti imalosera bwino? Yambani mwafunsa amene wachonga mayeso

Pa 26 Julayi 2009, magulu awiri a akatswiri a masamu ndi makompyuta adatumiza mayankho awo omaliza ku kampani ya mafilimu ya Netflix, pa mpikisano wokonza pulogalamu yolosera nyenyezi (malikisi a 1 mpaka 5) zomwe munthu angapatse filimu. Pa mndandanda wa pa intaneti womwe aliyense ankaona, gulu la The Ensemble ndilo lidali patsogolo, ngakhale ndi kampata kakang'ono zedi. Koma mphoto inkagamulidwa ndi mayeso ena obisika, ndipo kumeneko magulu onse awiri adapeza nambala imodzimodzi, 0.8567. Madola 1 miliyoni adapita kwa BellKor's Pragmatic Chaos chifukwa adatumiza yankho lawo mphindi 20 anzawowo asanatumize. Mpikisano wa zaka pafupifupi zitatu, wa magulu oposa 40,000 ochokera m'mayiko 186, udakathera pa wotchi.

Ndalamazo Netflix idaperekadi mu Seputembala chaka chomwecho, koma pulogalamu yopambanayo sidaigwiritse ntchito. Mu 2012 mainjiniya ake awiri, Xavier Amatriain ndi Justin Basilico, adalemba poyera kuti ataiyesa adaona kuti phindu lake silinkafanana ndi chintchito choilumikiza ku makina awo. Komanso bizinesi idali itasintha: anthu ankasiya ma DVD obwera pa positi n'kumaonera mafilimu pa intaneti.

Nkhaniyi imandibwerera nthawi zonse ndikaona tebulo la m'kafukufuku lofananitsa njira zolosera zomwe anthu angakonde, lija lokhala ndi mizere khumi, wapansiwo wolembedwa ndi zilembo zakuda bii kusonyeza kuti njira ya olembawo ndiyo yapambana. Nambala yakudayo ine ndimaiona pomaliza. Ndimayamba ndafunsa kuti mayesowo adakonza ndani, adachonga motani, nanga opikisana nawo aja adapatsidwa mpata wokonzekera kapena adangowaimika kuti agonje.

Nzeru yomwe ikupikisanidwa apa ndi ija imakusankhirani vidiyo yotsatira pa YouTube kapena katundu pa Amazon. Gawo lake lakale kwambiri limatchedwa collaborative filtering, dzina lomwe lidayamba ndi ofufuza a ku Xerox PARC mu 1992 pa pulogalamu yawo ya Tapestry. Mu 1994 gulu la GroupLens lidaiyesa pa nkhani zomwe anthu ankatumizirana pa Usenet. Maganizo ake ndi osavuta. Kompyuta sidziwa kuti filimu ikukamba za chiyani, sidziwa ngati ndi yoseketsa kapena yoliritsa. Imangoona kuti uje adakonda chakuti, uje adadana nacho, n'kumafufuza amene mumagwirizana nawo.

Tiyerekeze kuti inu ndi munthu wina wa ku Ohio yemwe simudzakumana naye mudaonera mafilimu 30 ofanana, ndipo pa ambiri mwa iwo mudapereka nyenyezi zofanana. Iye waonera filimu ina n'kuipatsa nyenyezi 5, inu simunaione. Kompyuta ikupatsani imeneyo. Iyi ndiyo njira yoyamba, yofananitsa munthu ndi munthu. Vuto lake limaoneka anthu akachuluka: kufananitsa aliyense ndi aliyense pakati pa anthu mamiliyoni ndi ntchito yoti makina amabanika nayo, ndipo anthu awiri ongotengedwa mwachisawawa nthawi zambiri amakhala kuti adaonerapo limodzi mafilimu awiri kapena atatu okha, omwe sangakuuzeni zenizeni.

A Amazon adazondotsa funsolo. M'malo mofufuza anthu ofanana, adayamba kufufuza katundu yemwe amagulidwa ndi anthu omweomwewo, ndipo mu 2003 Greg Linden ndi anzake adafotokoza m'mene ankachitira. Ubale wa buku ndi buku susinthasintha ngati wa munthu ndi munthu, choncho mutha kuuwerengeratu n'kuusunga. Kasitomala akafika, yankho lilipo kale.

Njira yachitatu ndiyo idatchuka ndi mpikisano wa Netflix, ya matrix factorization. Mu Disembala 2006, mpikisano utangotha miyezi iwiri, mmodzi mwa opikisana yemwe ankadzitcha Simon Funk adaika pa blog yake m'mene adafikira pa nambala 3, zonse osabisa kanthu. Filimu iliyonse imapatsidwa manambala angapo, tinene 40, ndipo munthu aliyense amapatsidwanso 40 ake. Manambalawo salembedwa ndi munthu. Kompyuta imayamba ndi ongopeka, imalosera, imaona pomwe yaphonya, imawasuntha pang'ono, n'kubwerezanso kambirimbiri. Pomaliza mukayang'ana mupeza kuti nambala ina yasanduka muyeso wa kuchuluka kwa ndewu m'filimu, ina ya nthabwala, ndipo zina palibe angakuuzeni kuti zikuyeza chiyani koma zikugwira. Kuchokera pamenepo pafupifupi gulu lililonse lomwe linkachita bwino linkamanga pa maziko amenewa.

Tsono kuti tidziwe yolondola kuposa zinzake, timayesa bwanji? Mumatenga nyenyezi zomwe anthu adapereka kale, mumabisa zina, zotsalazo mumaphunzitsira kompyuta, kenako mumaiuza kuti ilosere zobisika zija. Netflix idatulutsa malikisi 100,480,507 ochokera kwa anthu 480,189 pa mafilimu 17,770. Zikumveka zambiri, koma mukachulukitsa anthuwo ndi mafilimuwo mupeza timabokosi toposa 8.5 biliyoni, ndipo todzaza ndi kamodzi kokha pa 100 tilitonse. Kwina konseko ndi mbee.

Muyeso womwe adasankha ndi RMSE, womwe umanena kuti kompyuta ikuphonya ndi nyenyezi zingati. Nambala ikachepa ndiye kuti zili bwino. Munthu waulesi wongopereka avereji ya filimu iliyonse kwa wina aliyense, osalabadira kuti akufunsa ndani, ankapeza 1.0540. Pulogalamu ya Netflix ya nthawiyo, Cinematch, yomwe adaikonza kwa zaka, inkapeza 0.9514. Opambana aja adafika pa 0.8567. Taonani bwino manambala atatuwa. Kuchokera pa ulesi weniweni kukafika pa nzeru zonse za dziko lapansi, mtunda wake sukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a nyenyezi imodzi.

Ndipo muyesowo pawokha uli ndi mbali yomwe umakondera. Tengani njira ziwiri ndi mafilimu anayi. Yoyamba yaphonya ndi nyenyezi imodzi pa filimu iliyonse. Yachiwiri yalasa ndendende pa atatu, koma pa yachinayi yaphonya ndi nyenyezi zitatu. Mukangotenga avereji ya kuphonyako, muyeso womwe amautcha MAE, yoyamba ipeza 1 pomwe yachiwiri ipeza 0.75, ndiye kuti yachiwiri yapambana. Koma RMSE imayamba yachulukitsa kuphonya kulikonse ndi iko komwe, moti 3 uja amasanduka 9. Mukagawa ndi 4 n'kutenga square root mupeza 1.5, pomwe yoyamba ikadali pa 1. Apa yapambana ndi yoyamba. Njira ndi zomwezo, mafilimu ndi omwewo, anthu ndi omwewo, koma wopambana wasintha chifukwa wochonga wasintha. Palibe muyeso wonama pa awiriwa. Wina umati kulakwitsa kwakukulu kamodzi n'koipa kwambiri, wina umati ayi, ndipo woyenera kusankha ndi mwini sitolo yemwe akudziwa chomwe chimathamangitsa makasitomala ake.

Chomwe chimandikoka mtima mu mbiri ya mpikisanowu ndi komwe kupita patsogoloko kudachokera. Gawo lalikulu silidachokere pa kumvetsa zokonda za munthu, koma pa kumvetsa makhalidwe ake popereka malikisi. Pali anthu owolowa manja omwe chilichonse amachipatsa 4 kapena 5, pali ena oumira omwe 3 wawo ndiye kuyamikira. Ngati avereji ya mafilimu onse ndi 3.6, filimu inayake imakonda kupeza 0.5 pamwamba pake, ndipo inu mumakonda kuchotsera 0.3, kulosera 3.8 kumakhala kwayandikira kale, musanayambe n'komwe za manambala 40 aja. Yehuda Koren, mmodzi mwa a BellKor, adapezanso kuti kumayambiriro kwa 2004 avereji ya nyenyezi pa Netflix yonse idadumpha kuchoka cha pa 3.4 kufika kupitirira 3.6, komanso kuti filimu ikamakalamba anthu amaipatsa malikisi okwera. Adapeza kuti tsiku lomwe munthu wapereka malikisi lili ndi mphamvu yakeyake, mwina chifukwa wadzuka bwino, mwina chifukwa tsikulo akugwiritsa ntchito akauntiyo ndi mkazi wake. Ndipo kungodziwa mafilimu omwe munthu adasankha kupereka malikisi, osaona n'komwe kuti adapereka angati, kunkathandiza kulosera.

Chotsala chidali kusakaniza. Gulu lomwe lidali patsogolo mu 2007, la Koren, Robert Bell ndi Chris Volinsky a ku AT&T, lidaphatikiza zotsatira za njira 107 kuti lichepetse kuphonya kwa Cinematch ndi 8.43 peresenti. Kuti adutse 10 peresenti yomwe inkafunika kuti gulu lilandire mphoto yaikulu ija, adachita kugwirizana ndi gulu la BigChaos la ku Austria ndi la Pragmatic Theory la ku Canada, ndipo kadutswa kotsalako kadawatengera zaka zina pafupifupi ziwiri. Pa njira 107 zija Netflix idatolapo ziwiri zokha, matrix factorization ndi ina yotchedwa RBM, n'kuziika pa ntchito.

Panalinso malire ena omwe masamu sakadawadumpha, ndiwo anthu eni akewo. Amatriain yemwe uja, asanapite ku Netflix, adali ku Telefónica ku Barcelona, ndipo mu 2009 iye ndi anzake adapempha anthu kupereka nyenyezi pa mafilimu omweomwewo katatu, pa masiku osiyana. Anthuwo ankadzitsutsa okha. Kusiyana kwa mayankho a munthu mmodzi yemweyo kudali pakati pa 0.56 ndi 0.82 pa muyeso wa RMSE, makamaka pa mafilimu a pakatikati aja, omwe lero ndi 2 mawa ndi 3. Ngati ine mwini sindingalosere bwino zomwe ndidzanene sabata ya mawa, kompyuta yofika pa 0.86 yayandikira kale pomwe ingathere. Kulimbirana 0.0001 pamalo ngati amenewo ndi kuyeza phokoso.

Koma vuto lalikulu lidali lakuti funso lenilenilo lidali lina. Mukatsegula Netflix simufunsa kuti filimu yakuti ndiipatsa nyenyezi zingati. Mumafuna kuti pa mafilimu masauzande akuikireni khumi pamwamba, ndipo mwa khumiwo mupezeke imodzi yoti muonere usiku uno. RMSE imawerengera mofanana kulosera bwino kuti filimu yoipa mudzaipatsa 1 osati 2, chikhalirecho filimuyo simudzaionetsedwa n'komwe. Mu 2010 Paolo Cremonesi, Roberto Turrin ndi Koren yemwe uja, munthu woti adangolandira kumene mphotoyo, adayesa njirazi pa funso la khumi apamwamba. Zomwe zinkawala pa RMSE sizidawale kumeneko. Njira ina ya matrix factorization yosavuta, yomwe imangotenga timabokosi topanda kanthu tija ngati 0, idazipitirira. Choposa apo, kungopereka mafilimu otchuka kwambiri kwa wina aliyense, popanda kuganizira munthuyo mpang'ono pomwe, kunkapikisana ndi njira zina zapamwamba. Chifukwa chake n'chakuti gawo limodzi mwa magawo atatu a malikisi onse a Netflix lidali pa mafilimu pafupifupi 300 okha mwa 17,770 aja. Ukangotchula otchukawo, walasa kale zambiri.

Jonathan Herlocker ndi anzake adachenjezeratu za izi mu 2004 ndi chitsanzo cha nthochi. M'masitolo a zakudya a ku America pafupifupi aliyense amagula nthochi, choncho pulogalamu youza kasitomala aliyense kuti agule nthochi ingakhale yolondola modabwitsa. Ingakhalenso yopanda ntchito, pakuti munthuyo amadziwa kale za nthochi, ndipo ngati sanazitenge ndiye kuti sakuzifuna.

Palinso msampha wina wobisika kwambiri. Malikisi omwe tili nawo ndi a zinthu zomwe anthu adasankha okha, ndipo munthu sataya maola awiri kuonera filimu yomwe akudziwiratu kuti adana nayo. Benjamin Marlin ndi Richard Zemel a ku University of Toronto, pamodzi ndi a Yahoo, adayesa izi pa wailesi ya nyimbo ya pa intaneti: anthu 5,400 adapatsidwa nyimbo khumi zosankhidwa mwachisawawa kuti azipatse malikisi. Zotsatira zake zidasiyana kutalitali ndi za nyimbo zodzisankhira. Zambiri zidalandira malikisi otsikitsitsa. Ndiye kuti timaphunzitsa kompyuta ndi kuiyesa pa dziko lokoma lomwe anthu amakonda zambiri zomwe akumana nazo, kenako n'kukaitumiza ku dziko lenileni komwe zambiri sazifuna.

Makampani adazindikira msanga kuti zomwe munthu amanena ndi zomwe amachita si zimodzi. Munthu apereka nyenyezi 5 ku filimu yophunzitsa za mbiri ya nkhondo, koma madzulo akaweruka amaonera zoseketsa zomwe adazipatsa 3. Choncho adayamba kudalira kwambiri zomwe mwadina, zomwe mwaonera mpaka kumapeto ndi zomwe mwasiyira panjira. Mu 2017 Netflix idachotseratu nyenyezi zija n'kuika chala chachikulu choloza m'mwamba kapena pansi.

Wina angaganize kuti pofika pamenepa ofufuza adali ataphunzira kuchonga mosamala. Ayi ndithu. Cha m'ma 2016 kudabwera mphepo ya deep learning, njira zophunzitsira kompyuta zotengera pang'ono kalumikizidwe ka ubongo, ndipo mwezi ndi mwezi kunkatuluka njira yatsopano yoti yagonjetsa zonse zakale. Mu 2019 Maurizio Ferrari Dacrema, Cremonesi ndi Dietmar Jannach adatenga njira 18 zoterezi zomwe zidatuluka pa misonkhano ikuluikulu, n'kuyesa kubwereza zomwe eni ake adanena kuti adapeza. Zomwe zidatheka kubwereza ndi 7 zokha. Mwa 7 zimenezi, 6 nthawi zambiri zinkagonja kwa njira zakalekale zija zofananitsa munthu ndi munthu kapena katundu ndi katundu, bola zitatchunidwa bwino. Ntchito yawoyi idalandira mphoto pa msonkhano wa RecSys ku Copenhagen chaka chomwecho.

Chaka chomwechonso Steffen Rendle, Li Zhang ndi Koren, omwe panthawiyi adali ku Google, adayang'ana nkhokwe ya MovieLens ya malikisi 10 miliyoni, yomwe anthu ambiri ankayeserapo. Kwa zaka zisanu ofufuza ankangokopererana nambala ya matrix factorization wamba, cha pa 0.80, aliyense n'kumaonetsa kuti njira yake yaipitirira. Atatuwa adangoitenga njira yakaleyo n'kuitchuna mofatsa, ndipo idatsika kufika cha pa 0.77, kuposa zambiri mwa zomwe zinkati zidaigonjetsa. Atawonjezera nzeru zina za m'nthawi ya mpikisano wa Netflix, zomwe zidali zitatha zaka khumi, adapitirira zonse. Mu 2020 Rendle ndi anzake adabwerezanso pa njira ina yotchuka ya 2017 yotchedwa Neural Collaborative Filtering, ndipo matrix factorization wamba ija idapambananso.

Sindikhulupirira kuti ofufuza onsewa ankanama dala. Zimachitika mwa umunthu ndithu. Njira yako waikhalira miyezi, waiyesa uku ndi uku, ukudziwa pomwe imafuna kukhudzidwa. Ya mnzako waikopera pa intaneti, waiyendetsa kamodzi m'mene idabwereramo, walemba nambala. Ndani angataye sabata zitatu kulimbitsa mdani wake, podziwa kuti akalimba ntchito yake sisindikizidwa? Apa mpamene mpikisano wa Netflix, ndi zofooka zake zonse, udali wachilungamo kuposa matebulo ambiri a masiku ano. Njira iliyonse idali ndi mwini wake woimenyera nkhondo, mayankho adali m'manja mwa wina, ndipo panali ndalama zoti munthu asagone nazo tulo.

Kagawidwe ka malikisi nakonso kamasokoneza. Ambiri amangosakaniza onse n'kubisa ena mwachisawawa, osayang'ana madeti. Zikatero kompyuta imaphunzira pa zomwe anthu adachita mu Disembala kenako n'kufunsidwa za mu Malichi wa chaka chomwecho. Imadziwiratu filimu yomwe idzatchuke isanatuluke. Ameneyo ndi mwana wolowa m'mayeso ndi likasa: malikisi abwera okwera, koma tsiku loyamba pa ntchito zidzaoneka. Kuyesa koona n'kudula pa deti, zam'mbuyo zikhale zophunzirira, zam'tsogolo zikhale mayeso. Manambala amatsika, ndipo nthawi zina mndandanda wa opambana umasinthiratu.

Chinyengo china chosafuna chimabwera pofuna kupulumutsa nthawi. M'malo moti filimu yomwe munthu adaoneradi ipikisane ndi mafilimu onse, ofufuza ambiri amaiika pakati pa 100 osankhidwa mwachisawawa n'kuona ngati yalowa m'khumi oyamba. Tiwerengere limodzi. Pali mafilimu 20,000, ndipo kompyuta yaika filimu yoyenerayo pa nambala 500, komwe palibe munthu angafikeko ndi chala. Mafilimu oiposa ndi 2.5 peresenti yokha ya onse, choncho pa 100 aja oiposa akhala awiri kapena atatu. Filimuyo ituluka pa nambala 3 kapena 4, ndipo tebulo linena kuti kompyuta yalasa. Walid Krichene ndi Rendle adaonetsa mu 2020 kuti kachitidwe aka kangathe kusinthanitsa wopambana ndi wogonja. Ngakhale zida zoyesera sizigwirizana: mu 2014 Alan Said ndi Alejandro Bellogín adayendetsa njira zomwezo pa malikisi omwewo m'mapulogalamu atatu odziwika, Mahout, LensKit ndi MyMediaLite, ndipo manambala adatuluka osiyana.

Nanga ine ndikafunsidwa kuti yolondola ndi iti, ndimati chiyani? Pa kulosera nyenyezi, matrix factorization yotchunidwa bwino, yowerengera kuwolowa manja kwa munthu ndi nthawi, imaposa njira zofananitsa anthu, ndipo pamenepa umboni ndi wokwanira. Pa kusankha khumi apamwamba mpikisano ndi wothina kwambiri, ndipo njira zosavuta zimachita bwino mochititsa manyazi. Harald Steck wa ku Netflix adatulutsa ina mu 2019, yotchedwa EASE, yomwe imalembedwa m'mizere yochepa chabe ya pulogalamu, koma idapikisana ndi zikuluzikulu mpaka kuziposa pa nkhokwe zingapo. Pomwe njira zatsopano zili ndi mphamvu zenizeni ndi pomwe pali zambiri zoti ziphunzirepo: ndondomeko ya zomwe munthu wadina motsatizana, mawu, zithunzi, kamvekedwe ka nyimbo, ndi anthu mamiliyoni mazanamazana. Wokonza pulogalamu ya sitolo ya makasitomala masauzande ochepa ndingamuuze kuti ayambe ndi mndandanda wa zotchuka, aone nambala yake, kenako ayese ya katundu ndi katundu. Chilichonse chodula kuposa apo chiyambe chagonjetsa ziwirizi pa malikisi odulidwa pa deti.

Ndipo pali zina zomwe tebulo lililonse silionetsa. Njira zonsezi zimaganiza kuti akaunti imodzi ndi munthu mmodzi. M'nyumba zambiri kwathu kuno foni imodzi imazungulira: m'mawa bambo amvera ulaliki, masana mwana aonera makatuni, madzulo mlongo wake afufuza za maluko a tsitsi. Kompyuta imaona munthu mmodzi wodabwitsa n'kumufunira anzake ofanana naye. Chinanso, collaborative filtering sidziwa kanthu za chinthu chomwe anthu sanachikhudze. Woimba wa ku Ndirande yemwe waika nyimbo yake lero, omvera ake ali 200, ali kumchira kwenikweni komwe njirazi zimaphonya kwambiri. Koma poti avereji ya m'tebulo imadzazidwa ndi zotchuka, kuphonya kumeneko sikuoneka, ndipo njira yomwe siimutchula n'komwe ikhoza kukhala yomwe yalembedwa ndi zilembo zakuda.

Makampani akuluakulu ali ndi njira yawo yodziwira zoona. Amagawa makasitomala enieni pawiri, theka lina alipatsa njira yakale, lina yatsopano, n'kudikira kuona omwe akuonera kwambiri ndi omwe akusiya kulipira. Izi zimafuna anthu ochuluka, ndipo zotsatira zake kawirikawiri zimathera m'kati mwa kampani. Akunja amadalira nkhokwe zotulutsidwa poyera, zomwe zidayamba kusowa chifukwa cha mpikisano womwewu. Netflix idachotsa mayina pa malikisi aja, koma Arvind Narayanan ndi Vitaly Shmatikov a ku University of Texas ku Austin adaonetsa kuti mukawafananitsa ndi ndemanga zomwe anthu adalemba poyera pa IMDb, tsamba la pa intaneti la za mafilimu, mutha kuzindikira ena mwa iwo, n'kudziwanso mafilimu ena onse omwe adaonera mwamseri. Nkhani idafika kukhoti, bungwe la boma la America loteteza ogula la FTC lidalowererapo, ndipo mu Malichi 2010 Netflix idathetsa mpikisano wachiwiri womwe idali italengeza kale.

N'chifukwa chake mpaka lero wophunzira wa pa yunivesite akafuna kufananitsa njirazi, nthawi zambiri amayambira pa MovieLens ya ku University of Minnesota. Kankhokwe kake kakang'ono, komwe kamapezeka pafupifupi m'phunziro lililonse, kali ndi malikisi 100,000 ochokera kwa anthu 943 pa mafilimu 1,682, ndipo adatoleredwa pakati pa Seputembala 1997 ndi Epulo 1998. Aliyense mwa anthuwo adapereka malikisi osachepera 20, chifukwa omwe adapereka ochepa adachotsedwamo. Choncho mlendo wongofika kumene, yemwe wadina zinthu ziwiri ndipo akuganiza zotseka pulogalamuyo, yemwe mwini bizinesi aliyense amamudera nkhawa kuposa wina aliyense, m'mayesowo mulibe.